Phimbani diso limodzi kaye

Bambo amene ankafuna magalasi amphamvu

Anabwera Lachiwiri m'mawa, bambo wa zaka 52, telala wa pa msika wina kuno ku Chipata. Anali ndi mwana wawo wamkazi. M'thumba la shati anatulutsamo magalasi atatu ogula pa msika, a +1.50, a +2.00 ndi a +2.50, n'kuwayala pa tebulo.

"Adokotala, onsewa atha mphamvu. Mundipatseko okulirapo. Ulusi ukundivuta kulowetsa pa singano."

Anati sakudwala. Maso sawawa, sayabwa, safiira, satuluka manthongo. Amangofuna magalasi kuti abwerere ku makina, chifukwa mayunifomu a ana a sukulu anali mulu.

Tinawakhazika pa mpando, mamita 6 kuchokera pa tchati cha zilembo. Ndi maso onse awiri anawerenga bwinobwino mpaka mzere wa 6/9, umodzi mwa mizere ya pansi ya zilembo zing'onozing'ono. Kenako anesi anati, "Bambo, phimbani diso la kumanzere ndi chikhatho, koma musalikanikize."

Anaphimba, n'kukhala chete. Anapendeketsa mutu uku ndi uku, ngati munthu amene akusuzumira pa mpanda.

"Tchaticho mwachichotsa?"

Mwana uja ndi amene anayankha, mawu ali pansi. "Atate, chili pompo."

Diso la kumanja silinkaona ngakhale chilembo chachikulu cha pamwamba. Linkangozindikira dzanja likamagwedezeka pafupi ndi nkhope. Titayeza mphamvu ya madzi a m'diso, la kumanja linali pa 41, la kumanzere pa 28, pamene mwa anthu ambiri siposa 21. Titayang'ana kumbuyo, mtsempha wa diso la kumanja unali wotuwa, wokumbika ngati kambale. Wa kumanzere nawonso unali utayamba kale kukumbika.

Apa m'pamene mwana uja anayamba kukumbukira. Atate ake ankagunda phewa la kumanja pa felemu ya chitseko. Ankagwetsa kapu ikaikidwa ku dzanja lamanja. Njinga anasiya kupalasa atawombana ndi wa njinga mnzawo amene anatulukira cha kumanja, ndipo kunyumba anthu ankanong'onezana kuti mwina ayamba kumwa. Agogo ake, amayi a bambowo, anamwalira ali osaona, ndipo aliyense ankati ndi ukalamba.

Matendawa ndi glaucoma. Diso la kumanja lija silidzaonanso. Ntchito yonse inatsala pa kusunga la kumanzere.

Chimene chimachitika m'katimo

Kutsogolo kwa diso, m'kati mwake, mumakhala madzi oyera. Si misozi ayi, misozi ili kunja. Madziwa amapangidwa usana ndi usiku, n'kumatuluka kudzera m'timipata ting'onoting'ono tozungulira m'mphepete mwa mbali yakuda ya diso. Timipatati tikayamba kutsekeka, zimakhala ngati ngalande ya m'tauni imene yadzaza zinyalala nthawi ya dzinja. Madzi akubwerabe, potulukira pachepa, ndipo mphamvu yake imakwera.

Mwa anthu ambiri mphamvuyi imakhala pakati pa 10 ndi 21 mmHg (umenewu ndi muyezo wake). Ikakhala pamwamba kwa miyezi ndi zaka, imafinya mtsempha umene umatenga zimene diso laona kupita nazo ku ubongo. Mtsemphawu ndi mtolo wa timitsempha toposa 1 miliyoni, ndipo kakafa kamodzi sikameranso. Timayamba kufa ndi tija toona za m'mbali. Toona pakati, timene munthu amawerengera ndi kuzindikirira nkhope, timatsala mpaka kumapeto.

N'chifukwa chake munthu sazindikira. Saona mdima m'mbali ngati mmene ena amaganizira. Ubongo umangodzaza mpatawo ndi zimene ukuyembekezera kuti zilipo, ndipo diso linalo limakwirira pamene lofookalo laperewera. Tonsefe timayenda ndi maso awiri otsegula. Ndani amadzuka m'mawa n'kuphimba limodzi kuti aone ngati linzake likugwira ntchito?

Pali zinthu zitatu zimene anthu amasokoneza. Choyamba, mphamvu ya m'diso si BP. Munthu angakhale ndi BP yabwino koma ya m'diso ili pamwamba, ndipo makina oyezera pa mkono sanena chilichonse za diso. Chachiwiri, pali ena amene mtsempha umawonongeka mphamvu ili pansi pa 21, choncho nambala yokha si yokwanira, mtsemphawo uyenera kuonedwa. Chachitatu, ndipo ichi chimandiwawa kwambiri, glaucoma si ng'ala. Ng'ala ndi kuthimbirira kwa kagalasi kachibadwa ka m'diso. Amakachotsa pa opaleshoni imene kawirikawiri siposa mphindi 30, n'kuikamo kagalasi kena, ndipo munthu amaonanso. Ambiri a glaucoma amauzidwa ndi anansi kuti "ndi ng'ala imeneyo, dikirani ikhwime." Amadikiradi, ndipo akamafika ku chipatala palibe chotsala choti n'kupulumutsa.

Ife anthu akuda matendawa amatiyamba msanga ndipo amathamanga kuposa mmene amachitira mwa azungu. Amayendanso m'magazi. Ngati kholo, mchimwene kapena mchemwali wanu ali nawo, kapena ngati m'banja mwanu muli wina amene anachita khungu pang'onopang'ono popanda kumva kuwawa, nkhaniyi ndi yanu.

Kuwerenga tchati si kupimidwa maso

Anthu ambiri akawerenga zilembo zija, kaya pofuna laisensi kaya pogula magalasi, amachoka akunena kuti apimidwa maso. Apimidwa gawo limodzi lokha. Munthu wa glaucoma angawerenge mzere wa pansi penipeni pamene mtsempha wake watha theka.

Kupima kokwanira kumayamba ndi mafunso: muli ndi shuga? BP? Mphumu? Mukumwa mankhwala anji? M'banja muli wosaona? Kenako tchati, diso lililonse palokha. Amene sadziwa kuwerenga asachite manyazi, pali tchati cha chilembo E chotembenuzidwa mbali zosiyanasiyana, mumangoloza ndi zala kumene miyendo yake yayang'ana. Akakulemberani 6/6, ndiye kuti mukuona bwino. 6/18 ikutanthauza kuti chimene inu mukuchiona pa mamita 6, wa maso abwino amachiona ali pa mamita 18. Munthu akalephera kufika 3/60 ndi diso lake labwino, amawerengedwa m'gulu la osaona.

Mukalephera mizere ya pansi, amakupatsani kachivindikiro ka kabowo kakang'ono kuti muyang'aniremo. Zilembo zikawala, vuto lanu mwachionekere ndi la magalasi. Zikakhala chimodzimodzi, pali china chofunika kufufuza. Kachipangizoka n'kotchipa, koma kamalekanitsa anthu awiriwa m'mphindi imodzi.

Kenako mumaika chibwano pa makina a nyali yopyapyala, ndipo amayang'ana zikope, khungu loyera la diso, galasi la kunja ndi kagalasi ka m'kati. Akatero amayeza mphamvu ija. Makina ena amapemerera kamphepo m'diso, ena amakhudza diso pang'ono atadonthezamo mankhwala ochititsa dzanzi. Sizipweteka. Musagwire mpweya, musafinye zikope, ndipo masulani tayi kapena kolala yothina, chifukwa zonsezi zimakweza nambala mwabodza.

Gawo lomaliza ndi limene anthu amalithawa chifukwa limadya nthawi. Amadontheza mankhwala okulitsa kamwana ka diso, mumadikira mphindi 20 kapena 30, ndiyeno amayang'ana kumbuyo kwa diso, kumene kuli mtsempha ndi timitsempha ta magazi. Kuyang'ana kamwana kali kakang'ono kuli ngati kusuzumira m'nyumba pa bowo la kiyi. Mankhwalawa amachititsa kuti muziona mwachizimezime za pafupi ndiponso kuti dzuwa likuthobweni kwa maola 4 mpaka 6. Tsiku limenelo musayendetse galimoto kapena njinga yamoto. Tengani chipewa, ndipo ngati n'kotheka bwerani ndi munthu.

Akakayikira glaucoma, pali mayeso ena a kuona za m'mbali. Mumayang'ana kadontho ka pakati osasuntha diso, n'kumadina batani mukaona kuwala kwina kukuphethira m'mbali. Amatopetsa, ndipo ambiri amalakwitsa ulendo woyamba, n'chifukwa chake amabwerezedwa. Makinawa sapezeka paliponse.

Mukatuluka m'chipinda, dzifunseni zinthu zitatu: andiyeza diso lililonse palokha? Ayeza mphamvu ya m'diso? Ayang'ana kumbuyo? Ngati chimodzi chasowa, funsani mwaulemu kumene mungachipeze. Pemphaninso kuti manambalawo alembedwe m'buku lanu la ku chipatala. Nambala ya lero imakhala ndi tanthauzo lalikulu ikayerekezedwa ndi ya chaka chatha.

Magalasi a pa msika

Sindiwanyoza. Munthu akafika zaka 40 kapena kupitirira pang'ono, kagalasi ka m'diso kamauma, sikasinthanso msanga kuti kaone za pafupi. Foni mumayamba kuitalikitsa, Baibulo mumaliwerengera pa khomo pamene pali kuwala. Izi si matenda, zimachitikira aliyense. Ambiri amayamba ndi +1.00, akamafika zaka 50 ali cha pa +2.00, akamafika 60 ali pa +2.50 kapena kuposa pang'ono. Magalasi a pa tebulo la pa msika amathandizadi pa zimenezi, ndipo sawononga maso ngati mmene ena amanenera.

Vuto lake ndi lina. Amachotsa chifukwa chokhacho chimene chikanakufikitsani ku chipatala pa msinkhu womwe glaucoma imayambira. Telala uja anagula magalasi katatu m'zaka zingapo. Ulendo uliwonse ankayesa ndi maso onse awiri pa kanyuzipepala ka wogulitsa, zilembo zinkaoneka, ankalipira n'kumapita. Akanapimidwa mokwanira pa ulendo woyamba uja, mphamvu yokwerayo ikanapezeka diso la kumanja lidakali moyo.

Gulani ngati mukufuna, koma pimitsani kaye. Ndipo ngati mukusintha mphamvu ya magalasi pakangopita miyezi yochepa, kapena lero mukuona bwino mawa mbuu, kayezetseni shuga. Shuga akakwera amatupitsa kagalasi ka m'diso, mphamvu ya magalasi imene mukufuna n'kumasinthasintha.

Ndani ayenera kupita, ndipo liti

Amene wakwanitsa zaka 40 ndipo alibe vuto lililonse, apimitse mokwanira kamodzi, kenako zaka ziwiri zilizonse. Akafika 60, chaka chilichonse. Amene m'banja mwake muli glaucoma asadikire 40, ayambe ali m'zaka za m'ma 30 ndipo azipita chaka ndi chaka.

A shuga ali ndi lamulo lawo. Amene wapezeka ndi shuga wa akuluakulu ayenera kuyang'anidwa kumbuyo kwa diso nthawi yomweyo, chifukwa shugayo amakhala atakhala m'thupi zaka zingapo asanadziwike. Kenako chaka chilichonse, ngakhale akuona bwino. Shuga amafooketsa timitsempha ta magazi ta kumbuyo kwa diso, timayamba kudontha, ndipo pambuyo pake pamamera tina tosalimba timene timaphulika n'kudzaza magazi m'diso. Zikapezeka msanga pali laser (kuwala kwamphamvu kowotchera malo owonongekawo) ndi jakisoni wa m'diso, ndipo ena amatumizidwa ku Lusaka chifukwa cha zimenezi. Mayi wa shuga akatenga pakati apimitse m'miyezi yoyambirira, chifukwa mimba imafulumizitsa vutoli.

Amene ali pa mankhwala a TB adziwe kuti amodzi mwa iwo, ethambutol, nthawi zina amakhudza mtsempha wa diso. Mukaona kuti maso ayamba kuchita chizimezime kapena zofiira ndi zobiriwira zayamba kufanana, kauzeni a ku chipatala tsiku lomwelo. Amene ali ndi HIV asamanyalanyaze kachotupa koyera kapena kotuwa komera pa khungu loyera la diso. Kena kamakhala khansa, ndipo kakachotsedwa kali kakang'ono diso limapulumuka.

Za ana ndiye tingakambe tsiku lonse. Khanda likatupa zikope n'kumatuluka mafinya m'masabata oyamba, pitani nalo tsiku lomwelo, musadonthezemo mkaka wa m'mawere. Mukaona choyera pakati pa diso la mwana, kaya ndi maso kaya pa chithunzi cha foni chojambulidwa ndi fulashi, musadikire. Ingakhale ng'ala yobadwa nayo, ingakhalenso khansa ya m'diso. Mwana amene diso lina likuyang'anabe kumbali atapitirira miyezi 6 sadzangowongoka yekha. Ubongo umasiya kugwiritsa ntchito diso lopotokalo, ndipo akapitirira zaka 7 kapena 8 kulibwezeretsa kumavuta kwambiri. Vitamin A wa ku sikelo, amene amaperekedwa miyezi 6 iliyonse kuyambira miyezi 6 mpaka zaka 5, ndi katemera wa chikuku, zimatetezanso maso. Ndipo mwana amene amakopera m'kope la mnzake m'malo moyang'ana pa bolodi, mumuyese maso musanamutche waulesi.

Poyambira ndi ku kiliniki ya kwanuko, kumene angakulembereni kalata. M'chigawo chathu cha Kum'mawa anthu amapita ku Chipata Central, ku Mwami kapena ku St Francis ku Katete. Funsiranitu masiku amene a maso amaona odwala musanalipire thiransipoti kuchokera ku Lundazi kapena ku Chadiza.

Zimene sizidikira tsiku la kiliniki

Kusiya kuona mwadzidzidzi, ngakhale kopanda ululu. Diso lofiira, lowawa kwambiri, mutu ukupweteka, mukusanza ndipo mukuona mizere ya utawaleza kuzungulira babu. Kuona kung'anima ngati mphezi ndi timadontho takuda tambiri touluka, kenako chinthu ngati katani chikutsika mbali imodzi. Zonsezi n'za tsiku lomwelo.

Simenti, laimu, asidi wa batire, mankhwala opopera thonje kapena malovu a njoka yolavula zikalowa m'diso, musayambe ndi kuthamangira ku chipatala. Yambani ndi madzi oyera ambiri, diso lili chitsegulire, kwa mphindi zosachepera 20, kenako nyamukani.

Nthawi yokolola timaona maso ambiri okalidwa ndi tsamba la chimanga kapena phesi. Kabala kake kamaoneka kakang'ono, koma zomera zimanyamula nkhungu imene imamera pa galasi la kunja la diso. Munthu amapita pa kashopu, amamupatsa madontho a diso lofiira, ndipo ambiri mwa madontho amenewa muli steroid, mankhwala amphamvu ochotsa kufiira ndi kutupa. Werengani pa botolo. Mukaona dexamethasone, betamethasone kapena prednisolone, musadontheze popanda kuuzidwa ndi wa maso. Amachotsa kufiira msanga, munthu n'kumayamikira, pamene chilonda chikukula mpaka diso kuboola. Akagwiritsidwa ntchito kwa masabata ambiri, mwa anthu ena amakweza mphamvu ya m'diso, ndipo taonapo achinyamata a maso oyabwa atadzipatsa okha glaucoma mwa njira imeneyi. Madzi a masamba, mkodzo ndi madzi a shuga nazonso zalanda maso ambiri amene akanachira.

Dontho limodzi, moyo wonse

Telala uja anayamba timolol 0.5%, dontho limodzi m'mawa ndi limodzi madzulo, motalikirana maola 12. Tisanawapatse tinafunsa za mphumu ndi kuyeza kugunda kwa mtima, chifukwa mankhwalawa amatha kubanikitsa wa mphumu ndi kuchedwetsa mtima. Pali enanso monga latanoprost, odontheza kamodzi usiku. Madontho akalephera kutsitsa mphamvu, kapena ngati munthu sangathe kuwapeza mwezi ndi mwezi, pali opaleshoni yotsegula njira ina yotulukira madzi. Kwa munthu wokhala kutali ndi tauni, nthawi zambiri opaleshoniyo ndi yodalirika kuposa botolo limene limatha pa 20 mwezi usanathe, ndalama n'kudzapezeka pa 30. Koma auzidwe zoona asanagone pa tebulo, kuti opaleshoniyi imasunga zimene zatsala, sibweza zimene zapita.

Kudontheza nakonso kuli ndi njira yake. Sambani m'manja. Weramutsani mutu chagada, kokerani chikope cha pansi kuti chipange kathumba, donthezani dontho limodzi, kamwa la botolo lisakhudze diso kapena nsidze. Tsinzinani mofatsa, osaphethiraphethira, ndipo kanikizani ndi chala pa ngodya ya diso ya kufupi ndi mphuno kwa mphindi ziwiri, kuti mankhwala asatsikire kummero. Lachiwiri n'kungotaya, diso silisunga madontho awiri. Ngati muli ndi mabotolo awiri, dikirani mphindi 5 pakati pake. Lembani pa botolo tsiku limene mwalitsegula, ndipo musalisiye pa windo padzuwa.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi ichi. Madonthowa sachititsa munthu kuona bwino kuposa dzulo. Amathanso kuluma pang'ono. Pakapita miyezi itatu wodwala amati mankhwalawa sakugwira, n'kusiya. Wina botolo likatha amaganiza kuti wamaliza, ngati mmene amamalizira mankhwala a malungo. Mphamvu imakweranso m'masiku ochepa, mwakachetechete ngati poyamba. Pa tsiku lobwerera ku chipatala donthezani monga mwa masiku onse ndipo tengani botolo, kuti nambala imene ayeze ikhale ya munthu amene ali pa mankhwala.

Atabweranso patatha mwezi, diso la kumanzere la bambo uja linali pa 17. Magalasi owerengera tinawapatsa a +2.00, omwe aja anali nawo kale m'thumba. Makina awo anawatembenuza kuti nsalu ndi sizasi zizikhala ku dzanja lamanzere.

Mwana wawo anachita chimene tinamupempha, anaimbira foni abale onse a atate ake. Anali anayi. Awiri anati maso awo ali bwino, alibe nthawi. Mmodzi ali ku Kitwe, anati adzapimitsa komweko. Wamng'ono pa onse, wa zaka 44, woyendetsa minibasi, anabwera akuseka kuti wangobwera chifukwa mwana wa achimwene wamuvutitsa. Anawerenga 6/6 ndi diso lililonse. Mphamvu inali 27 kumanja, 26 kumanzere, ndipo mtsempha wa kumanja unali utangoyamba kupyapyala m'munsi. Anatuluka ndi botolo lake komanso tsiku lodzabweranso.